Ntchito ya Amako Si Yochititsa Manyazi

North York, Lachinayi masana

Linesi mwana wanga,

Watuluka kukatsanzikana ndi anzako, ndipo ine ndakhala pa tebulo la kukhitchini ndi pepala. Sutikesi yako ili pafupi ndi chitseko, yotsekedwa kale, ngati mwini wake akuopa kuti ndimuletsa. Sindikuletsa. Mawa ndikakukweza ndekha sitima ya ku Montreal. Koma pali mawu amene ndikayamba kukuuza pakamwa umandiyankha m'Chingerezi, n'kuseka, n'kundipsompsona pachipumi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndalemba, ndipo ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti chinenero chathu umachiwerenga mopapasa ngati munthu wofuna machesi mumdima. Zili bwino. Uwerenge pang'onopang'ono kuti mawu aliwonse akupeze.

Chandikhalitsa pansi ndi cha Lamlungu lija. Anthu akwathu anasonkhana ku Mississauga kuti akutsanzike, anakupempherera, anakupatsa bulangete ndi mapoto. Kenaka ukutsuka mbale, Mayi Kalonga, akazi a mkulu wampingo uja, anauza mnzawo mokweza kuti iwe umve: "Mwanayu akupita kukaphunzira ntchito ya amake, yovula akazi a eni." Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya makapu. Mawuwo sanandilase, ndawamva kambiri. Chinandilasa n'chakuti iwe unaweramitsa mutu. Unayang'ana m'sinki ngati wagwidwa ukuba ndiwo mumphika. Linesi, usadzachitenso zimenezo. Munthu akatchula ntchito ya amako, umuyang'ane m'maso. Wasankha wekha kupita kusukulu yojambula, ndipo wanena kuti ukufuna kujambula akazi monga ndimachitira ine. Ndikufuna udziwe chimene ukuimirira, choncho ndikuuza mmene ntchitoyi idandipezera ndi zimene yandiphunzitsa, zina mwa izo mochita kundikwapula.

Bambo ako atamwalira adatisiyira mabuku odzaza shelefu, jekete lalikulu lija la m'chisanu, ndi kamera. Iwe udali kamtsikana ka mano ogweluka, ine ndili nesi mu wodi ya amayi a opaleshoni. Abale kwathu ku Dedza adalemba kuti tibwerere, ati mkazi wamasiye sangalere mwana yekha kudziko la eni. Ndidawayankha kuti ndamva, n'kukhala. Kamerayo ndidaiphunzira ndekha pojambula iwe, kenaka maukwati ndi maubatizo a anthu akwathu ndi anzathu a ku Zambia. Nthawi imeneyo aliyense ankandikonda. Palibe amene adaona tchimo m'kamera pamene inkajambula makeke.

Mu wodi mwathu mudabwera mayi wina wachizungu wa ku Oakville. Ndingomutcha Doreen, chifukwa dzina lake lenileni si lako kulidziwa, ndipo chimenecho chikhale chiphunzitso choyamba. Madokotala adamupeza ndi khansa, n'kumuuza kuti bere lakumanzere lichotsedwa sabata yotsatira. Ndikumuyeza kuthamanga kwa magazi, chithunzi chako chidagwa kuchokera m'thumba la yunifolomu yanga. Adachitola, adachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa amene adajambula. Nditati ndine, adandigwira dzanja. "Mungandijambule ine?" adatero. "Osati nkhope yokha. Ndikufuna ndidzakumbukire mmene ndinalili asanandidule. Ojambula onse amene ndikuwadziwa ndi amuna, ndipo sindingathe." Ndidaganiza za amayi anga, ndidaganiza za mpingo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimene iye adatsekula chidali changa. Ndidavomera.

Adabwera Loweruka kuno kufulati, iwe nditakutumiza kwa aneba, ndipo ndidalakwitsa zonse. Ndidamulandira ngati nesi. "Vulani bulauzi. Khalani apa. Tembenukirani kuno. Musagwedezeke." Chipinda chidali chozizira, getsi la kudenga likumuthira kuwala pamutu ngati ali pa tebulo la dokotala. Iye adamvera zonse, pakuti odwala amamvera. Nditamupatsa zithunzizo adaziyang'ana chimodzichimodzi, n'kuzibweza m'envulopu mwaulemu. "Zikomo," adatero. "Koma uyu ndi wodwala wanu. Ine mulibemo." Mawu amenewo adandiwawa kuposa chilichonse chimene Mayi Kalonga anganene, chifukwa adali oona. Ndidamupempha kuti abwerenso tsiku la opaleshoni lisanafike. Ulendo wachiwiri ndidayatsa hita kuyambira m'mawa. Ndidaphika tiyi, kamera ndidaisiya pa shelefu, tidangocheza. Adandiuza za utsikana wake, mmene ankasambira m'nyanja ya kwawo madzi akadali ozizira, mmene mwamuna wake adamuonera koyamba akutuluka m'madzi tsitsi litamatirira kumaso. Adavala shati yakale ya mwamunayo, adakhala pafupi ndi zenera, katani yoyera yopyapyala ikusefa dzuwa. Sindidamuuze kuti avule. Adamasula mabatani yekha nthawi yake itakwana, akadali pakati pa nkhani, ndipo ndidamujambula akuseka. Chithunzi chimenecho ndi chimene adapita nacho kuchipatala. Patapita miyezi adabweranso ali ndi chipsera chachitali pachifuwa, n'kunena kuti, "Tsopano jambulani uyu." Ndi iye amene adayamba kunditumizira anzake.

Ndiye tamvera, Linesi. Mkazi akalowa m'chipinda chako, usamulamule. Pofika pakhomo pako wakhala akulimbana ndi mtima wake masiku ambiri, ndipo mwina wazungulira nyumba yako kangapo asanagogode. Kusukulu akakuphunzitsa za kuwala ndi magalasi, ndipo uziphunzire bwino, koma chithunzi chimayamba kamera isanatuluke. Chipinda chitenthe mpaka iwe wovalawe utuluke thukuta. Chitseko utseke, kiyi umupatse iye. Uyambe kumujambula atavala zonse, azolowere kulira kwa kamera. Ukafuna kuti akhale mwakutimwakuti usamugwire, khala pansi iweyo umuonetse ndi thupi lako, ngakhale uoneke wopusa. Ine ndagubudukapo pa kapeti ndi mawondo anga olirawa, ndipo akazi ambiri adayamba kumasuka pondiseka. Tsitsi likagwera kumaso, umufunse kaye kuti, "Ndingakonze?" Uziyang'ana manja ake. Nkhope imanama, imamwetulira chifukwa cha ulemu, koma zala zikafumbata bulangete dziwa kuti mtima uli kutali, ika kamera pansi. Ndipo usamangoti "ndinu wokongola, ndinu wokongola" ngati wogulitsa nsalu pamsika. Sangakhulupirire. Umuuze chimene ukuonadi, kuti khosi lake latalika bwino akayang'ana kuzenera, kuti dzuwa lagona bwino paphewa pake. Choona amachimva. Kamera ya bambo akoyo ili ndi ubwino umodzi umene zatsopanozi zilibe: umaigwira pamimba n'kumayang'anira pamwamba, ndiye mutu wako umawerama ngati ukupereka moni kwa akulu, ndipo mkazi saona diso lomuloza. Pamenepo pokha ndi pamene ndikukulola kuweramitsa mutu. Sutikesi yako ndaitsekula, kamerayo ndaiika pakati pa majuzi. Ine ndagula ina.

Maso ndiwo ovuta kuposa thupi. Kudabwera mayi wina wa ku Portugal amene ankakolopa m'maofesi ku Mississauga. Mwamuna wake ankagwira ntchito kumigodi ya kumpoto, miyezi kutha osaonana, ndipo mayiyo ankafuna kumutumizira kanthu. Chingerezi chake chidali chochepa, ine Chipwitikizi ndilibe. Ndidamukhazika bwino, kuwala kudali bwino, nsalu idagona bwino m'chiuno mwake, koma ankayang'ana kamera ngati akujambulitsa cha pasipoti. Ndidayesa nthabwala, sadamve. Potsiriza ndidaloza mphete ya pa chala chake, n'kuloza khutu langa, kutanthauza kuti andiuze za mwamuna wake. Adayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kwawo. Mawu sindidamve ngakhale amodzi, koma nkhope idasungunuka, maso adapita kutali kumene kudali mwamunayo, ndipo ine ndidangodina. Usamamuuze mkazi kuti "onetsani chikondi," sadziwa kuti achitenge kuti. Umufunse za munthu amene amamukonda, kapena za tsiku limene adadzimva kuti ali bwino, kenaka ukhale chete udikire. Achinyamata inu mumaopa kukhala chete. Uphunzire.

Usadzamupatse mowa. Ndikubwereza, usadzamupatse mowa. Nesi mnzanga wina wa ku Jamaica ankafuna chithunzi chotumizira chibwenzi chake chimene chidatsala kwawo. Ankaopa kwambiri moti ndidamumvera chisoni, n'kumuthirira vinyo amene wina adandipatsa pa Khirisimasi. Tambula yoyamba idathandiza, yachiwiri idapitirira. Adaseka, adavula zimene pofika adanena kuti savula, ine n'kumati ntchito yayenda. M'mawa mwake ndisanapite ku shifiti adagogoda, maso atatupa. "Sindinagone," adatero. "Sindikukumbuka zonse zimene ndinachita." Filimu idali isanatsukidwe. Ndidaitenga n'kuisolola yonse padzuwa iye akuona, kuti zonse zife. Adalira, kenaka adandikumbatira. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa mkazi asanavule kanthu kuti malire ake ndi pati, ndipo malire amene wanena mutu uli bwinobwino ndi amene ndimasunga, ngakhale pakati pa ntchito atenthedwe n'kufuna kupitirira. Akafunadi, abwere tsiku lina atagonapo. Ndipo ukakayika msinkhu wa mtsikana, umubweze, usamve zonena zake.

Udzakumananso ndi amuna. Ambiri ndi abwino, amadikira m'galimoto ndi nyuzipepala, amachita manyazi kuposa akazi awo. Koma kudabwera wina wa suti yodula, atatsogoza mkazi wake ngati mbuzi yopita kumsika. Adanyamula yekha chikwama cha zovala zamkati zimene adagula, n'kuyamba kuziyala pabedi. Bamboyo adakoka mpando n'kukhala pakona, ati aziuza mkazi wake kakhalidwe kake popeza akudziwa chimene akufuna. Ndidamuuza kuti m'chipinda muno mumakhala anthu awiri, wojambula ndi wojambulidwa. Adaseka. "Wolipira ndine," adatero. Ndidati, "Ndiye mwalipira kuti mudikire panja." Nkhope yake idafiira. Adandiuza kuti sadazolowere kulamulidwa ndi anthu ngati ine, ndipo ukudziwa chimene ankatanthauza. Koma ndidatsekula chitseko n'kuima pomwepo mpaka adatuluka. Titatsala awiri ndidamufunsa mayiyo funso limene uzifunsa aliyense: "Chithunzichi mukuchifuna ndinu?" Adayang'ana zovala zija pabedi, n'kupukusa mutu. Sindidajambule kanthu. Mayiyo atatsika ndidamva bamboyo akukalipa mpaka galimoto idanyamuka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mayiyo ndidamuthandiza kapena ndidamuonjezera mavuto kunyumba. Koma ndikadajambula, kamera yanga ikadakhala dzanja lachitatu la mwamuna uja. Zimenezo ayi.

Filimu uzitsuka wekha. Poyamba ndinkapereka kusitolo ina yotsuka zithunzi pafupi ndi siteshoni. Tsiku lina nditapita kukatenga, bambo wa pakauntala adandimwetulira kumwetulira koipa, n'kuitana mnzake kuseri kuti adzandione. "Ndi awa," adatero. Envulopu idali yotsekulatsekula, m'mbali mwa zithunzi muli zidindo za zala. Ndidatuluka thupi likundinyerenyetsa ngati wavulidwa ndine. Ndi chifukwa chake bafa lathu lidasanduka chipinda chamdima, ndipo iwe udakula ukudandaula kuti thaulo lako likununkha mankhwala. Ndidaononga mafilimu ambiri ndisanadziwe, koma kuchokera pamenepo palibe diso lachilendo limene laona thupi la mkazi amene adandikhulupirira. Manegetivu, filimu yotsukidwa ija, ndimamupatsa mwini wake pamodzi ndi zithunzi, sindisunga kanthu. Anthu adzakuuza kuti wojambula wanzeru amasunga ntchito yake kuti azionetsa ena. Uwayankhe kuti thupi la munthu si chikwangwani chako.

Tsopano ndikuuze za mlandu wa kumpingo uja, chifukwa iwe udali wamng'ono ndipo udangoona zotsatira zake. Mayi wina wakwathu, wa mumpingo mwathu momwemu, adandiimbira foni masana mwamuna wake ali kuntchito. Dzina sindikuuza, ndipo usayese kulifufuza. Adachitidwa opaleshoni pobereka, mwana sadakhale moyo, iye adatsala ndi chipsera chotsika pamimba. Kuchokera pamenepo mwamuna wake ankazimitsa getsi asanalowe m'chipinda, iyenso adasiya kudziyang'ana pagalasi. Adabwera atavala chitenje ndi duku ngati akupita kumaliro. Tidakhala nthawi yaitali osanena za kujambula. Kenaka adatulutsa m'chikwama kansalu komanga mfundo, n'kumasula. Mudali mikanda, yofiira, yoyera ndi yakuda, imene azakhali ake adamupatsa pomulangiza asanakwatiwe. "Chibwerere kuno sindinavalepo," adatero. "Amake Linesi, kodi ndikadali mkazi?" Ndidamuuza kuti avale tione. Ndidamujambula chakumbali, chitenje chili m'chiuno, mikanda itagona pamwamba pa chipsera, dzanja lake lili pamimba pamene padagona mwana. Ndidafuna kubisa chipseracho ndi nsalu, iye ndiye adakana. Atabwera kudzatenga zithunzi adakhala pa mpando ndakhalapowu, adayang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi, "Kani ndine." Chithunzicho sichidali cha mwamuna wake. Adati achisunga yekha.

Sipadapite nthawi, mbiri ya ntchito yanga idafika kwa akulu ampingo. Idadzera kuchipatala, osati kwa mayiyo. Ukudziwa kuti ife akwathu kuno ndife ochepa, timapemphera m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha azungu, ndipo wina akatsokomola ku North York, ku Mississauga amamva. Adandiitana Lamlungu mapemphero atatha. Amuna adakhala kutsogolo, amayi m'mbali, ndipo pakati pa amayiwo padali mayi uja, maso ali pa manja ake. Bambo Kalonga adayamba mofatsa. "Amake Linesi, tamva kuti m'nyumba mwanu mumalowa akazi n'kumavula. Tikufuna timve kwa inu." Ndidati n'zoona, ndimajambula akazi amene afuna kudziona, ena asanadulidwe, ena atadulidwa, ena pofuna kusangalatsa amuna awo, ena pofuna kudzisangalatsa okha. Adati ndibweretse zithunzizo kuti akulu aone ngati zili zolaula kapena ayi. Ndidati, "Abambo, mukundiimba mlandu wovula akazi, ndiye mukufuna ndiwavule pamaso panu?" Kenaka wina adafunsa ngati pali mkazi wa mumpingo uno amene adabwerapo kwa ine. Linesi, ndidamva mpweya wa mayi uja ukuima. Ndikadangotembenuza mutu pang'ono, mlandu ukadachoka pa ine n'kugwera iye ndi banja lake. Ndidayang'ana khoma. Ndidati, "Amene amalowa m'nyumba mwanga amadziwika kwa ine ndi kwa Mulungu, ndipo tonse awiri sitiulula." Adandiimitsa mgonero mpaka nditalapa. Ndidawauza kuti machimo oti ndilape ndili nawo ambiri, ndipo ndiwalapa, koma ili palibepo.

Madzulo ake mayi uja adaimba foni akulira, ati akufuna akaulule kuti andipeputse. Ndidamukaniza. Ndidati katunduyu ndi wanga, ndidamusenza ndikudziwa kulemera kwake. Patapita zaka zingapo adabwerera kumudzi ndi banja lake, ndipo potsanzikana adandinong'oneza kuti chithunzi chija wachisokera mkati mwa nsalu ya chikwama kuti ofufuza katundu pabwalo la ndege asachione. Mgonero sanandibwezere mpaka lero. Koma wandiona wekha Lamlungu lililonse. Ndimavala bwino, ndimakhala kutsogolo, ndimaimba mokweza, ndipo mbale ya mkate ikafika pa ine ndimaipatsira mnzanga ndi manja awiri. Sadandichotse kwa Mulungu, adangondichotsa pa tebulo lawo.

Ndikudziwa kuti nkhuyu zimenezi zidapota iwenso. Ana amene unkasewera nawo adasiya kubwera. Pa ukwati wa mwana wa a Kalonga udauzidwa kuti ukhala mmodzi wa operekeza mkwatibwi, diresi tidasoka, kenaka adasintha osatiuza. Udalira m'basi njira yonse yobwerera, n'kundifunsa m'Chingerezi chako chija chifukwa chake sindingakhale ngati amayi ena. Yankho ndi ili: ndikadasiya chifukwa cha pakamwa pa anthu, ndikadakuphunzitsa kuti mkazi amachita chabwino pokhapokha ena akamulola. Pepa chifukwa cha diresi lija. Chifukwa cha zinazo sindipepesa.

Adzakuuza kuti izi ndi za azungu, kuti amako adataya mwambo. Uwafunse ngati mikanda ya m'chiuno tidaiphunzira kwa amishonale. Uwafunse ngati mphini zokongoletsa zimene agogo ako adali nazo pamsana ndi pamimba adawatema ndi mzungu. Kwathu akazi timasamba limodzi kumtsinje, timapakana mafuta kumsana, timauzana kuti "iwe wanenepa bwino," ndipo mtsikana amalangizidwa ndi akazi anzake za thupi lake popanda mwamuna kusuzumira. Kuno mkazi ali yekha pamwamba pa nyumba yansanjika, iye ndi galasi ndi magazini odzaza atsikana owonda amene safanana naye. Palibe womuuza kanthu. Ine ndimachita chimene amayi akumtsinje ankachita, kungoti ndili ndi kamera. Makalata ochokera kumudzi akuti masiku ano mkazi akavala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo amagwidwa. Amuna akhala pansi n'kuyeza nsalu ya mkazi ndi maso awo, ati kusunga ulemu. Ulemu umene ndimaudziwa ine ndi wofunsa mwini thupi.

Ku Montreal aphunzitsi ako ambiri adzakhala amuna, ndipo mwina wakuda udzakhala wekha m'kalasi, ndi Chifalansa chako chothyokathyokacho. Adzabweretsa atsikana olipidwa kuti aime osavala pakati pa chipinda, ophunzira n'kumawazungulira ngati ogula ng'ombe. Uphunzire kuwala kwawo, maso awo uwasiyire. Nthawi yopuma umutengere mtsikanayo gauni, umufunse dzina. Udziwenso kuti filimu ya kuno adaipangira khungu loyera. Ukatsatira zolembedwa pa bokosi, mkazi wakuda amatuluka ngati mthunzi wokhala ndi mano, ndipo ine ndidataya nthawi yaitali ndisanazindikire chifukwa chake. Uzitsekula diso la kamera moonjezera, upachike nsalu yoyera mbali inayo kuti ibweze kuwala, ndipo kamafuta pang'ono pamapewa, koma adzipake yekha. Khungu lathu limakonda kuwala kochokera m'mbali. Usalole munthu akuuze kuti khungu limeneli ndi vuto.

Ukapeza kuti mtima wako suli pa ntchito imeneyi, kuti ukufuna kujambula milatho kapena mbalame, pita, sindikwiya. Sindidakuberekere kamera. Koma usiye chifukwa wafuna wekha, osati chifukwa wina wakuchititsa manyazi. Ndipo zonse ndakuuzazi zikutetezenso iwe. Mnyamata akadzati amakukonda n'kupempha kuti akujambule, udzifunse ngati chithunzicho ukuchifuna ndiwe, ndipo manegetivu akhale m'manja mwako. Wokana zimenezo umusiye apite ndi chikondi chakecho. Uzidya chakudya chenicheni, osati buledi ndi khofi basi. Chisanu cha kumeneko n'choposa cha kuno, uzivala chipewa ngakhale chikuonongere tsitsi. Upeze tchalitchi, ulowe, ukhale pamene wafuna. Undilembere, ngakhale m'Chingerezi, koma mzere umodzi wokha ukhale wa Chichewa kuti ndidziwe kuti ndiwe.

Chomaliza ndi pempho, ndipo ndalizengereza mpaka pepala latsala pang'ono kutha. Zaka zonsezi ndakhala kuseri kwa kamera, ndauza akazi osawerengeka kuti asaope, koma ineyo sindinakhalepo pa mpando wa wojambulidwa. Bambo ako ankandijambula nditavala diresi la kutchalitchi basi, ndipo chimwalirireni iwo palibe amene wandiyang'ana nthawi yaitali. Mimba yanga ili ndi mizere imene udandisiyira iwe, mabere adagwa, imvi zayamba kumbali. Ndikaganiza zokhala pamenepo ndimachita mantha ngati wina aliyense. Ukabwera pa Khirisimasi ndikufuna undijambule. Tsiku limenelo sindidzakhala amako, ndidzakhala mayi wachilendo wogogoda pakhomo pako, ndipo sindidzakuthandiza ngakhale pang'ono. Ndikuchenjezeretu kuti ndidzakhala wovuta. Ndidzadandaula za mpando, ndidzabisa mimba ndi manja, mwina ndidzalira. Ukadzatha kundimasula ine, palibe mkazi amene adzakukanike.

Mulungu akupereke yekha kumene ine sindingafike.

Ndine amako,
Esnati